Mafunso ndi mayankho: makampani opanga okha kompyuta ndi mapulogalamu ake omwe

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa Kasungu boma. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kuyenda, pabenchi panga pamadzaza anthu amene sanabwere kudzakonzetsa kanthu, koma kudzafunsa asanagule: aphunzitsi, anyamata a ku koleji, alimi a ku Chamama, ku Santhe ngakhale ku Chulu ofuna kugulira mwana laputopu. Mafunso ake ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo ambiri amathera pamodzi: bwanji zinthu za Apple zimadula, zimavuta kukonza, komanso sizimvana ndi zinzake? Ndawasonkhanitsa pano kuti pakamwa panga papumeko.

Kodi hadiweya ndi sofutiweya n'chiyani?

Hadiweya ndi chilichonse chimene mungachigwire ndi dzanja: sikirini, batire, kiyibodi, bolodi la m'kati, ndi kachitsulo kowerengera kaja timati purosesa kapena chip. Sofutiweya ndi malangizo amene amauza zitsulozo chochita. Mwa mapulogalamu onse pali imodzi yaikulu imene imayamba kudzuka mukayatsa makina, ena onse n'kumaberekedwa kumsana kwake. Pa malaputopu ambiri ndi Windows, pa Tecno ndi Samsung ndi Android, pa iPhone ndi iOS, pa Mac, kompyuta ya Apple, ndi macOS. M'munsimu ndiziitchula kuti sisitimu, monga timanenera kuntchito. Mukabweretsa foni kuti tiifulashe, ndi sisitimuyo imene timalowetsanso. Mukabweretsa yosweka galasi, vuto ndi la hadiweya.

Ndiye kuphatikiza ziwirizi n'kutani? Si kampani iliyonse imene imatero?

Ayi. Tsegulani laputopu ya Dell, HP kapena Lenovo. Dzina la pachivundikiro ndi lawo, koma purosesa ndi ya Intel kapena AMD, sisitimu ndi ya Microsoft. Aliyense wabweretsa gawo lake, ndipo aliyense akudyapo pake. Apple imayenda njira ina. Imajambula yokha mapulani a makina, imajambula yokha chip, imalemba yokha sisitimu, ili ndi msika wakewake wa mapulogalamu wotchedwa App Store, ndipo silola kampani ina kupanga kompyuta yoyendera macOS kapena foni yoyendera iOS.

Kwa munthu wa kuno chitsanzo chapafupi ndi fodya. Mlimi wa pa okushoni amagula mbewu uku, feteleza uko, mabelo ake n'kukawayala ku Chinkhoma kuti wogula aliyense aone. Mlimi wa pa kontrakiti amalandira zonse kuchokera ku kampani imodzi: mbewu, feteleza, mlangizi woyendera munda, ndi msika womwe. Tsamba lake kawirikawiri limatuluka bwino chifukwa zonse zidakonzedwa kuti zigwirizane. Koma sangatenge belo n'kukagulitsa kwina kumene mtengo wakoma, ndipo ngongole amaidula iye asanaigwire ndalama. Wogula iPhone ali ngati mlimi wa pa kontrakiti, wogula laputopu ya Windows ali ngati wa pa okushoni. Sizifanana paliponse, komabe chitsanzochi chisungeni, tichifunanso kutsogoloku.

Njira ziwirizi zidayamba bwanji?

Kale kuphatikiza ndiwo udali mwambo. M'zaka za m'ma 1960 kompyuta inkadzaza chipinda, ndipo IBM inkapereka makina, mapulogalamu ndi akatswiri ake pamtengo umodzi. Mu 1969, boma la America litaisumira kukhoti kuti ikupondereza makampani anzake, IBM idayamba kugulitsa mapulogalamu paokha. Malonda a sofutiweya adakulira pamenepo.

Chimene chidatembenuza zinthu chidachitika mu 1981. IBM inkafuna kutulutsa msanga kompyuta ya patebulo, ndiye m'malo mopanga zonse yokha, idagula purosesa kwa Intel n'kutenga sisitimu ya DOS kwa Microsoft, kampani imene panthawiyo idali ndi zaka 6 zokha. Bill Gates adachenjera pamodzi: adasunga ufulu wogulitsanso DOS kwa ena. Pasanathe zaka ziwiri Compaq idatulutsa kompyuta yochita zonse zimene ya IBM inkachita, ena ambirimbiri n'kutsatira. Mitengo idagwa, makompyuta adafalikira, koma phindu lenileni lidakathera kwa Microsoft ndi Intel, poti aliyense wopanga makina ankadutsa pakhomo pawo. IBM, mwini gule, idatopa n'kugulitsa gawo lake la makompyuta ang'onoang'ono kwa Lenovo ya ku China mu 2005. ThinkPad ya kaunjika imene mumaiona m'masitolo ndi mdzukulu wa nkhani imeneyi.

Apple idayamba mu 1976, n'kutulutsa Macintosh mu 1984, sisitimu yake osagawirako wina. Ambiri sadziwa kuti nayo idalawako njira ya Microsoft. Mu 1995 idalola makampani ena, monga Power Computing, kupanga makompyuta oyendera sisitimu ya Mac. M'malo mobweretsa ogula atsopano, makampaniwo adalanda makasitomala a Apple omwe ndi mitengo yawo yotsika. Steve Jobs atabwerera mu 1997, kampani ili pafupi kugwa, adatseka chitseko chimenecho, ndipo mpaka lero sichidatsegulidwenso.

Kampani imapindula chiyani ikamachita zonse yokha?

Imathawa mpikisano wa mitengo. Mukafuna laputopu ya Windows, ya Dell n'kupezeka yadula, mumagula ya HP kapena Acer, Windows yake ndi yomweyo. Amayi ogulitsa tomato wofanana pamzere umodzi palibe angakweze mtengo yekha. Koma mukafuna macOS, khomo ndi limodzi. N'chifukwa chake pa mafoni a tachi ogulitsidwa padziko lonse, a Apple ndi pafupifupi imodzi mwa 5 alionse, komabe gawo lalikulu la phindu la malonda amenewa limapita kwa iyo.

Ndiponso kugulitsa makina n'chiyambi chabe. App Store idatsegulidwa mu 2008, ndipo kwa zaka zambiri Apple yakhala ikudula 30 peresenti pa mapulogalamu olipira; opanga ang'onoang'ono idawatsitsira pa 15 peresenti kuyambira 2021. Onjezani malo osungira zithunzi a iCloud olipira mwezi ndi mwezi, nyimbo ndi mafilimu. Onjezaninso ndalama imene Google imapereka kuti ikhale chofufuzira choyamba pa iPhone: pamlandu wina ku America zidaululika kuti mu 2022 mokha idafika madola 20 biliyoni. Mwini msika amadya pa benchi lililonse, ngakhale tomatoyo si wake.

Pali china chimene otsatsa malonda sakonda kuchitchula: kutuluka kumadula. Zithunzi zili mu iCloud, mapulogalamu amene mudagula sasamukira ku Android, Apple Watch sigwira ntchito ndi foni ya Samsung. Palibe wakuikani unyolo, koma tsiku losintha foni mumawerengera zimene mutaye, n'kungogulanso iPhone ina.

Ndamva kuti kuli M1. Si msewu wathu uwu wopita ku Mzuzu?

Funsoli adandifunsa bambo ena a ku Chatoloma, tonse n'kuseka. Dzina lokha ndilo lafanana. M1 ndi chip imene Apple idatulutsa mu Novembala 2020, posiya mapurosesa a Intel amene idakhala ikuika mu Mac kuyambira 2006. Ulendowu sudayambe dzulo. Mu 2008 idagula kampani yaing'ono yojambula ma chip yotchedwa P.A. Semi, ndipo mu 2010 iPad yoyamba ndi iPhone 4 zidatuluka ndi chip yakeyake ya A4.

Apa ndi pamene ubwino wa kuphatikiza umaonekera poyera, ndipo ndisaubise. Intel imapanga purosesa yoti ikwane makampani ambiri, ngati telala wosoka mayunifomu a sukulu yonse asanaone mwana ndi mmodzi yemwe. Apple imasoka itayeza thupi. Olemba sisitimu ndi ojambula chip ali nyumba imodzi, wina akafuna kanthu amauza mnzake zaka zingapo makinawo asanatuluke. Zotsatira zake, MacBook Air ya M1 ilibe fani m'kati, siilira, ndipo batire lake limakwana tsiku lonse la ntchito. Kwa ife amene magetsi amatha kuthima m'mawa n'kudzayaka usiku, imeneyi si nkhani yamasewera. Nalo fumbi la Okutobala: malaputopu ambiri amene ndimatsegula nyengo yotentha vuto lake ndi fani yotsamwa ndi fumbi, pomwe makina opanda fani alibe pokokera.

Koma walira mvula walira matope. Memore ya M1, malo amene makina amagwiriramo ntchito zimene mwatsegula, idamatidwa pamodzi ndi chip, simungaonjezere. Mukagula ya 8GB, ndi 8GB mpaka kufa kwake. Zina zili pa funso la kukonza.

Ndiye kuti Apple ili ndi mafakitale ake opangira zonse?

Ayi, apa ambiri amasokonezeka. Apple imajambula, opanga ndi ena. Ma chip ake amapangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan. Ma iPhone ambiri amawalumikiza ndi a Foxconn ku China, makamaka mumzinda wa Zhengzhou, ena tsopano ku India. Masikirini ambiri a iPhone amachokera kwa Samsung, yomwe ikulimbana nayo pamsika wa mafoni. Chimene Apple imagwiritsitsa ndi mapulani, sisitimu, dzina ndi kasitomala. Ntchito ya thukuta, ya phindu lochepa, imasiyira ena. Kampani ya fodya nayo sigwira khasu.

Ngati njirayi ili yabwino chotere, bwanji onse osangoitsata?

Chifukwa imaphanso. Amene adagwirako BlackBerry akukumbukira mmene BBM, njira yake yotumizirana mauthenga, idalili ya mabwana. Kampani ya ku Canada imeneyi inkapanga yokha foni, sisitimu ndi njira ya mauthenga, ndendende ngati Apple. Anthu atatembenukira ku mafoni a tachi, olemba mapulogalamu adaithawa. Mu 2016 idasiya kupanga yokha mafoni, ndipo mu Januwale 2022 idazimitsa ntchito za mafoni ake akale. Nokia ndi sisitimu yake ya Symbian idagwa chimodzimodzi. Wosenza denga yekha akapunthwa, palibe womugwirira.

Ngakhale a ndalama zawo adalira nayo. Microsoft idagula gawo la mafoni la Nokia mu 2014 kuti foni ndi sisitimu zikhale m'manja mwake. Chaka chotsatira idavomera kuti madola 7.6 biliyoni alowa m'madzi, mafoni a Windows n'kufa patangopita zaka zochepa. Google idagula Motorola mu 2012 pa madola 12.5 biliyoni, n'kuigulitsa kwa Lenovo mu 2014 pamtengo wosafika 3 biliyoni. Palinso vuto la pachibale. Microsoft ikamapanga makompyuta ake a Surface, monga yachitira kuyambira 2012, ikupikisana ndi Dell ndi HP, omwe ndi makasitomala ake a Windows. Google nayo ndi mafoni ake a Pixel imayenda mosamala pamaso pa Samsung. Ndiye amalowamo mwendo umodzi, wina uli kunja.

Huawei idalowa mokakamizidwa. America itailetsa mu 2019 kuika mapulogalamu a Google m'mafoni ake atsopano, idalimbikira sisitimu yake ya HarmonyOS. N'chifukwa chake ma Huawei otuluka pambuyo pake mumawapeza alibe Play Store. Yang'anani musanagule.

Nanga Tecno ndi itel zathuzi zili mbali iti?

Zili pakati. Tecno, itel ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, imene imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa kampani ina iliyonse. Sisitimu ya mafoni awo a tachi ndi Android ya Google, ma chip amagula kwa makampani monga MediaTek ndi Unisoc, koma pamwamba amavekapo chovala chawo: HiOS pa Tecno, XOS pa Infinix. Kuphatikiza kwawo kudaloza ife. Malo a ma SIM awiri kuti Airtel ndi TNM zikhalire pamodzi, batire lalikulu, wailesi ya FM, kamera yokonzedwa kuti khungu lakuda lizituluka bwino pachithunzi. Nawonso amadya atagulitsa kale, kudzera mu Boomplay, pulogalamu yomvera nyimbo, ndi mapulogalamu ena obwera nayo foni, ena mwa iwo oonetsa zotsatsa malonda. Mwa kuona kwanga, iwowa adamuwerenga bwino kasitomala wa pa Nkhamenya kuposa aliyense wa ku California.

Achimwene, iPhone yanga ikukana kulandira nyimbo pa Bluetooth. Yaonongeka?

Sinaonongeke, idabadwa choncho. Bluetooth ya iPhone imalumikiza mahedifoni ndi masipika, koma silandira mafayilo ochokera ku foni ya Android. Ili ndi njira yakeyake, AirDrop, yopangidwira zipangizo za Apple. Ilibe polowetsa memore khadi, ilibenso wailesi ya FM. Kwawo anthu amamvera nyimbo pa intaneti, pomwe kuno timakaikitsa nyimbo mu khadi kumsika n'kumagawana, poti bandulo ndi ndalama. Amene zikumukomera mumupeza pa funso la phindu la kampani.

Bwanji mumazengereza tikabweretsa iPhone kapena MacBook kuti mukonze?

Si ulesi ayi. ThinkPad kapena Dell Latitude yakale ndimaitsegula ndi sikuludiraiva wamba, n'kusintha memore, batire, kiyibodi, n'kuikamo SSD, posungira mafayilo pa liwiro kuposa hadi disiki, zina ndikuchotsa mu inzake yakufa. MacBook ya masiku ano memore ndi posungira mafayilo n'zomatirira pabolodi. Bolodi likafa zonse zapita, ndi zithunzi za ukwati zomwe. Ngakhale masikuluwu ake ndi a mutu wachilendo. Pa ma iPhone atsopano sikirini, batire ndi kamera zili ndi nambala imene sisitimu imaizindikira. Mukaika china, foni imalemba uthenga woti chipangizocho sichikudziwika, ndipo pamitundu ina tinthu tina timaleka kugwira ntchito. Apple yakhala ikufewetsako lamuloli, ndipo mu 2022 idayamba kugulitsa zipangizo kwa ofuna kudzikonzera, koma idayambira ku America, kenako ku Ulaya.

Apa ndi pamene chitsanzo cha kontrakiti chija chimatiwawira. Mlimi wa pa kontrakiti amamangika, inde, koma mlangizi amafika kumunda kwake. Apple ilibe sitolo yakeyake ngakhale imodzi mu Africa monse. Ma iStore a ku Johannesburg ndi a kampani ina yololedwa kugulitsa zinthu zake. Wa ku London chikamuvuta amakwera basi n'kukapeza womuthandiza tsiku lomwelo. Ife kumangika timamangika nawo, koma mlangizi sitimuona.

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbuka William Kamkwamba wa ku Wimbe konkuno, amene ali mnyamata adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakale, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama. Zidatheka chifukwa zitsulo zimenezo sizinkafunsa kuti mwini wake ndani.

N'zoona kuti amachedwetsa dala mafoni akale kuti tigule atsopano?

Chilipo chimene chidachitikadi. Mu Disembala 2017 Apple idavomera kuti sisitimu yake inkachepetsa liwiro la ma iPhone ena a batire lotopa. Idati inkapewa kuti foni isamazime mwadzidzidzi, koma ogula idali isanawauze, ndipo mu 2020 boma la France lidailipiritsa mayuro 25 miliyoni. Wogwira chitsulo ndi sisitimu yomwe ali ndi mphamvu yotere, inu osaona chimene wachita.

Koma tinene mbali zonse. iPhone 6s ya 2015 idalandira sisitimu yatsopano mpaka iOS 15 ya 2021, pomwe mafoni ambiri otchipa a Android amasiyidwa pakangotha chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa Google, wopanga chip ndi wopanga foni amakankhirana udindo. Njira ya okushoni nayo ili ndi tsiku lake lolira. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD, komanso kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Malaputopu ambiri a kaunjika amene amafika pabenchi panga ndi akale kuposa pamenepo. Kusiyana kwake n'koti pa laputopu yotere mutha kuchotsa Windows n'kuikamo Ubuntu kapena Linux Mint, masisitimu aulere, ntchito n'kupitirira.

Pulinta yanga ikukana inki ya kumsika. Ndi nkhani yomweyi?

Yomweyo. Makina amawagulitsa motchipa, phindu lili mu inki. Pa katiriji pamakhala ka chip kamene sofutiweya ya pulinta imawerenga, ikapeza kuti si ka kwawo imakana. HP idadzudzulidwa kwambiri mu 2016 pomwe mapulinta ake ena adangoyamba kukana makatiriji a makampani ena. Ngati mukutsegula bizinesi yosindikiza mayeso a sukulu ndi makalata ofunsira ntchito, funsani mtengo wa inki kapena tona musanafunse wa makina. Mapulinta a thanki, othira inki ya m'botolo, amadula tsiku logula lokha.

Maboma amangoonerera?

Aakulu okha ndiwo amamveka. European Union idalamula kuti mafoni atsopano azikhala ndi polowetsa chaja cha USB-C pofika kumapeto kwa 2024, ndipo iPhone 15 ya 2023 idasiya Lightning, mtundu wa chaja umene Apple idakhala nawo kuyambira 2012. Mu 2024 lamulo lina la komweko lidaikakamiza kulola misika ina ya mapulogalamu pambali pa App Store m'mayiko amenewo. Chaka chomwecho boma la America lidaisumira kuti ikutsekereza anzake pamsika wa mafoni. Msika wa Malawi ndi waung'ono, sungagwedeze kampani yotere. Ife timangotola zogwa: chaja cha Tecno yatsopano tsopano chimalowa pa iPhone yatsopano.

Ndiye tigule chiyani? Mwana akupita ku koleji.

Ndimayamba ndafunsa kuti ndalama zilipo zingati, mwanayo akaphunzira chiyani, ndipo ikaonongeka adzapita nayo kwa yani. Wophunzira uphunzitsi, unamwino, ulimi kapena za akaunti ndimamuuza laputopu ya Windows ya gulu la m'maofesi, ThinkPad, Latitude kapena EliteBook, ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ngakhale ya kaunjika. Zipangizo zake zimapezeka ku Lilongwe, anzake m'kalasi ali ndi mapulogalamu omwewo, chaja atha kubwereka. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimapweteka thumba, ndiye makina oti n'kuwasintha chimodzichimodzi ndiwo amapirira nafe.

Wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, amene makina amamubwezera ndalama, Mac ingamuyenere, poti liwiro ndi batire ndiwo moyo wa ntchito yake. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Asunge ndalama yokonzetsera, ndipo mavidiyo a anthu azikhala nawonso pa hadi disiki ina.

Ndapeza iPhone yotchipa kwa munthu wochokera ku Joni. Ndiyang'ane chiyani?

Loko ya iCloud. Kuyambira 2013 iPhone imamangidwa ku akaunti ya mwini wake, ndipo lokoyo sili m'foni mokha, ili pa makompyuta a Apple. Kufulasha sikuichotsa. Cholinga chake n'chabwino, wakuba asapindule, koma imagwiranso wosalakwa. Mayi ena ophunzitsa chakumbali ya Mtunthama adabwera ndi foni yokongola, yopanda chipsera, imene adagula pa depoti. Titaiyatsa idafunsa imelo ya munthu amene tonse sitimudziwa. Wogulitsa adali atakwera kale basi. Foniyo ili mu dirowa yanga mpaka lero.

Musapereke ndalama wogulitsa asanatulutse akaunti yake inu mukuona. Afufute zonse, foni iyambe ngati yatsopano, mudutse nayo masitepe onse mpaka itseguke osafunsa dzina la munthu wina. Ikanimo SIM yanu ya Airtel kapena TNM n'kuimba, chifukwa mafoni ena amakhala omangidwa ku netiweki ya kunja. Lowani pa Battery Health. Ikakhala pansi pa 80 peresenti, mtengo wa batire latsopano muuchotse pamtengo umene akukuuzani. MacBook zatsopano zili ndi loko yomweyi, ndipo mafoni a Android ali ndi yawo yomangidwa ku akaunti ya Google, ndiye muchite chimodzimodzi. Akakuuzani kuti ali pachangu, basi ikunyamuka, musiyeni anyamuke nayo foni yake.